Kodi Kulephera Kudzuka 4 Koloko M'mawa Ndi Ulesi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene masana amagwira ntchito yowerengera ndalama, ndipo usiku amachita maphunziro a pa intaneti. Iwo anati ayesa kudzuka 4 koloko m'mawa ndiponso kulemba mndandanda wa zochita tsiku lililonse, koma sipadutsa milungu iwiri asanabwerere pomwe anayambira. Pomaliza anafunsa kuti: "Kodi vuto ndi ulesi wanga?"

Mayi, funso lanu lomalizali ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe zambiri chonchi, chifukwa inenso ndinatha nthawi yaitali ndikudzifunsa lomweli, ndipo ndikudziwa mmene limalasira mtima.

Nditangoyamba kugwirira kunyumba ntchito yolemba ndi kumasulira, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wakhama ndi amene amadzuka kusanache. Ndinatchera alamu pa 4:30, ndipo kwa miyezi pafupifupi itatu ndinkadzuka mosaphonya. Ndinkakhala pa desiki kunja kudakali mdima, maso ali gwa pa kompyuta, koma mutu uli zii. Ndime imodzi ndinkaiwerenga katatu osatolapo kanthu. Ikamakwana 2 koloko masana thupi linali litatheratu, koma chodabwitsa chinali chakuti cha m'ma 8 koloko usiku nzeru zinkatseguka, ziganizo zimene zinandikanika tsiku lonse zinkabwera zokha, ndipo nthawi yomweyo ndinkazimitsa kompyuta n'kupita kukagona mokakamiza kuti mawa ndidzadzukenso molawirira. Ndinkataya maola anga abwino kwambiri pofuna kusunga maola amene sankandipindulira chilichonse. Ntchito imene kale inkanditengera maola awiri inayamba kunditengera anayi, ndipo m'malo mokayikira ndondomekoyo ndinkadzikayikira ndekha.

Chimene chinanditsegula maso chinali cholakwa chimene mpaka lero sindichiiwala. Ndinatumiza chikalata chomasuliridwa kwa munthu amene anandipatsa ntchito, osazindikira kuti ndadumpha ndime yathunthu. Gawo limenelo ndinalimasulira m'mamawa, nthawi imene ndinkainyadira ija. Nditapepesa ndi kukonza, ndinatenga kope n'kuyamba kulemba, ola lililonse, chimene ndachita ndiponso mmene mutu ukugwirira ntchito, popereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Patatha milungu itatu kopelo linanena zimene sindinkafuna kumva: ndimaganiza bwino kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, kenakonso kwa maola awiri usiku. Maola a mbandakucha sanapitirirepo malikisi awiri.

Zimenezi sizodabwitsa kwa akatswiri a sayansi. M'thupi mwathu muli wotchi yachibadwa imene imazungulira pa maola pafupifupi 24, ndipo ndi imene imalamulira tulo, kutentha kwa thupi ndi kuchangamuka kwa ubongo. Mu 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene majini, tizinthu ta m'maselo timene timatengera kwa makolo, amayendetsera wotchi imeneyi, atachita kafukufuku pa tintchentche ta pa zipatso. Wotchiyi siyenda mofanana mwa anthu onse. Ena amachangamuka molawirira, ena mochedwa, ambiri ali pakati, ndipo msinkhu umasinthanso zinthu, moti achinyamata amakonda kugona mochedwa pamene okalamba amalawirira kudzuka. Onjezanipo mfundo yakuti madokotala amalimbikitsa munthu wamkulu kugona maola osachepera 7. Wodzuka 4 koloko ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko usiku, ndiye inu amene mumakhala mukuphunzira nthawi imeneyo, maola amenewo muwapeza kuti? Si khama limene lakucheperani. Masamu ake ndi amene sakugwirizana.

Apa ndinene mosapita m'mbali kuti malangizo akuti aliyense azidzuka mbandakucha ndimawaona kuti ndi ovulaza. Amatenga nkhani ya chibadwa cha thupi n'kuisandutsa nkhani ya khalidwe, kotero kuti wolephera amadziona ngati munthu wopanda pake. Komanso ambiri amene amafalitsa malangizowa ndi anthu amene amadzisankhira okha nthawi yoyamba ndi yoweruka, ndipo ena ali ndi owathandiza ntchito zapakhomo. Kutengera ndondomeko yawo popanda moyo wawo kuli ngati kuvala nsapato za mwini: ungayende nazo pang'ono, koma matuza sachedwa.

N'chimodzimodzinso ndi njira yotchuka ya Pomodoro, yogwira ntchito mphindi 25 n'kupuma mphindi 5. Anaiyambitsa ndi Francesco Cirillo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ali wophunzira pa yunivesite amene ankavutika kuika maganizo pa mabuku, ndipo ankagwiritsa ntchito kawotchi ka kukhitchini. Inali njira yothetsera vuto lake. Ine imandithandiza pa ntchito zimene ndimazizengereza, monga kuyankha makalata ovuta, chifukwa mphindi 25 siziopsa munthu. Koma polemba imandidula ganizo pakati, ndipo belu likalira pamene chiganizo chayamba kuyenda, kuchipezanso kumanditengera nthawi yaitali kuposa imene ndapuma. Choncho ndimaigwiritsa ntchito pamene ikundithandiza, ndipo pamene ikundisokoneza ndimaisiya popanda kudziimba mlandu.

Za mndandanda wanu, ndikuganiza kuti umakhala wautali kwambiri. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anafotokoza mu 1979 kuti anthufe timachepetsa nthawi imene ntchito ingatitengere, ngakhale titaichitapo kambirimbiri. Mndandanda wa zinthu 15 umalembedwa ndi munthu wa m'mawa amene ali ndi chiyembekezo, koma womaliza kuuwerenga ndi munthu wa madzulo amene watopa, ndipo zinthu 9 zotsalazo zimamuuza kuti walephera pamene wagwira ntchito tsiku lonse.

Milungu iwiri imene mwatchulayo nayonso ndi yochepa poweruza chizolowezi chilichonse. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, amene anatuluka mu 2009, anapeza kuti chizolowezi chatsopano chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ndipo kwa ena chinkafuna masiku 18 okha pamene kwa ena chinkafika 254. Chimene chinandilimbitsa mtima kwambiri m'kafukufukuyo n'chakuti kuphonya tsiku limodzi sikunkagwetsa chizolowezicho. Ine kale ndikaphonya kamodzi ndinkaona ngati zonse zawonongeka, n'kusiyiratu.

Ndikanakhala inu

Ndikanayamba ndazimitsa alamu ya 4 koloko ija n'kubwezeretsa tulo ta maola 7. Kenako kwa milungu iwiri kapena itatu ndikanalemba m'kope, osasintha chilichonse, nthawi imene mutu umagwira bwino. Popeza nthawi ya kuntchito simungaisunthe, sunthani zimene zili mkati mwake: mawerengero ovuta muwaike pa maola amene kopelo lasonyeza, ndipo maimelo ndi zolemba wamba zipite pa maola a ulesi wa thupi. Mndandanda usapitirire zinthu zitatu zofunika, foni izikhala m'chipinda china pa nthawi ya maphunziro, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha pa mwezi. Ngati mukugona mokwanira koma kutopa sikukutha, kaonaneni ndi dokotala, chifukwa kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro ndi kuvutika maganizo zimabweretsanso kutopa kotere. Mukatha milungu itatuyo, ndilembereninso mundiuze maola amene apeza malikisi asanu m'kope lanu.