Gogomole sanaumitse mango anu, bambo

Mlimi wina wa ku Ntchisi walemba kuti: "Ndili ndi mitengo ya mango a maboloma yomwe ndinabzala kalekale. Umodzi wayamba kuuma nthambi ndipo agogomole akuugogoda mpaka aboola. Anyamata anga anapha mmodzi ndi legeni, ine ndinamata bowolo ndi dothi, koma mawa lake ndinapeza lamatuka ndipo mkati mukumveka kulira. Ndigule mankhwala anji kuti mbalamezi zichoke?"

Bambo, tisanakambe za mankhwala, legeniyo alandeni anyamatawo lero lomwe. Kulira mukukumvako ndi tiana ta gogomole, ndipo inu munatitsekera mkati. Amene anamatula dothilo ndi kholo lomwe latsala. Kodi musanamate simunaganize zoika khutu pa nthambiyo? Izi zimandikhumudwitsa kwambiri, chifukwa chaka ndi chaka nyengo ino ya chilimwe ndimakumana ndi nkhani yomweyi, ndipo nthawi zonse mlandu umagwera mbalame.

Mtengowo sindinauone, koma ndikukuuzani motsimikiza kuti unayamba kudwala gogomole asanafike. Mbalameyi imakonda kukumba chisa mu nthambi youma kapena yofumbwa mkati, chifukwa mtengo wamoyo ndi wolimba. Ikamagogoda pakhungwa imakhala ikufuna mphutsi za tizikumbu toboola mitengo, ndipo imazisolola ndi lilime lake lalitali lokhala ndi timinga kunsonga. Mitundu ina ya gogomole imadya kwambiri nyerere ndi chiswe. Pitani mukayang'ane patsinde: mupeza utuchi ukutuluka m'timabowo ting'onoting'ono, kapena dothi la chiswe likukwera khungwa. Ndikukayikiranso kuti mumatentha zinyalala pansi pa mtengowo. Ambiri mumatero mukasesa pabwalo, khungwa limapsa, ndipo pabala pomwepo ndi pamene tizilombo timalowera.

Tsono tamverani za banja lomwe mwalisokonezali. Gogomole yemwe timamuona kawirikawiri m'minda mwathu ndi wamng'ono, kutalika kwake ngati masentimita 15. Tambala wake ali ndi nthenga zofiira pamutu, thadzi alibe. Amakumba chisa onse awiri, ntchito ya masabata awiri kapena kuposerapo, khomo lake ngati masentimita 4 okha, nthawi zambiri kunsi kwa nthambi yopendekeka kuti mvula isalowe. Satuta udzu ngati mbalame zina. Mazira, oyera mbee, amaikira pa tizibenthu ta mtengo tomwe tatsalira pansi pa mphakoyo, ndipo amakhala limodzi, awiri kapena atatu basi, makamaka pakati pa Ogasiti ndi Novembala. Kufungatira amasinthana kwa masiku 12 kapena 13, ndipo usiku amene amagona pa mazira kawirikawiri ndi tambala. Tiana timaswa tili tamaliseche, maso osatsegula, ndipo timakhala m'mphakomo pafupifupi masiku 27 makolo onse awiri akutituta chakudya kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ngakhale titauluka, timatsatirabe makolo kwa masabata angapo tikuphunzira kugogoda.

Mwaona chimene legeni ija yachita? Ntchito ya awiri yatsala ndi mmodzi. Ngati tianato tamera kale nthenga, kholo limodzi lingathe kulimbana nato. Ngati tikadali tofiira, pamene kholo lapita kukasaka timazizidwa, ndipo sindikulonjezani kuti tipulumuka. Mbalamezi zili kale ndi mdani wake. Nsadzu, yemwe amatsogolera anthu ku njuchi uja, samanga chisa. Mitundu ina ya nsadzu imaikira dzira m'mphako za agogomole, ndipo mwana wake amabadwa ndi kangowe kumlomo kophera tiana ta eni chisa. Inu musakhale nsadzu wachiwiri.

Za mankhwala, iwalani. Palibe mankhwala othamangitsira gogomole omwe ndingakulembereni, ndipo kupopera pakhungwa sikufika kwa mphutsi yomwe ili mkati mwenimweni mwa thunthu. Mungotaya masauzande ambirimbiri pa botolo, kuwonjezapo kubwereka sipuleya, pomwe mango ali pa maluwa kapena timango tating'ono, n'kupha njuchi zomwe zikukuthandizani kuti abereke. Changa ine ndi sipoko ya njinga. Pitani kwa wokonza njinga pa msika, akupatsani yakale mwina osakulipiritsani n'komwe. Pezani kabowo komwe kakutuluka utuchi watsopano, chotsani utuchiwo, lowetsani sipoko mpaka mumve kuti mwaibaya mphutsiyo, kenako matani kabowo kameneko ndi dothi. Kabowo ka mphutsi, bambo, osati khomo la mbalame. Alimi a khofi amachita zomwezi polimbana ndi mphutsi yoyera yoboola tsinde, ndipo m'zaka zomwe ndayenda m'minda sindinaone njira yotsika mtengo kuposa imeneyi. Ena adzakuuzani zoika thonje lonyowetsa ndi mankhwala m'bowomo. Ine ndimati sipoko yakwana. Bwerezani sabata iliyonse mpaka utuchi usiye kutuluka. Dothi la chiswe lija palani ndi kamtengo, ndipo zinyalala muzikwirira kutali ndi tsinde m'malo motentha.

Nthambi ya chisayo musaikhudze panopa. Dikirani mpaka kulira kuleke ndipo papite sabata yathunthu osaona kholo likulowa ndi chakudya kukamwa. Nthambi zina zouma, zomwe zilibe chisa, dulani ndi sowo osati chikwanje, kuti bala likhale losalala, ndipo muzisandutse nkhuni msanga chifukwa mphutsi zimapitiriza kukula m'nthambi yomwe yangogonekedwa pansi.

Tiana tikauluka, yang'anani komwe nthambi ya chisayo yaloza. Ngati ili pamwamba pa denga kapena pomwe ana amasewerera, iduleni mvula isanayambe kugwa ndi mphepo. Ngati ili kumbali kopanda ngozi, isiyeni. Agogomole nthawi zambiri amakumba mphako yatsopano chaka chilichonse, yakale n'kutsalira mbalame zina zodya tizilombo zomwe sizitha kudzikumbira zokha. Mundilemberenso mango akatha, mundiuze ngati mtengowo waphukira masamba atsopano. Ukakhala kuti sunaphukire, tidzakambe zodulira nthambi zonse ndi kumezanitsa.