Lipoti la ligi yopeka lizimveka kuti ndi ku Ulaya

Achimwene, mwafunsa momwe mungalembere lipoti la nyengo ya ligi yopeka ya baseball ya ku Ulaya. Lipotilo liyambe ndi timu yomwe yatenga chikho ndi momwe yachitengera, ziwerengero zibwere pambuyo. Komanso chepetsani masewero. Masewero 162 pa nyengo ndi a MLB, ligi yaikulu ya ku America. Ku Ulaya baseball amasewera makamaka kumathero a sabata, kuyambira mu Epulo, chifukwa osewera ambiri ali ndi ntchito zina.

Ine ndimatsatira Hoofdklasse, ligi yaikulu ya ku Netherlands, ndipo chimandikoka n'chakuti matimu ndi ochepa, amadziwana bwino. Neptunus ya ku Rotterdam ikafika mu Holland Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, onse amafuna kuigwetsa. Ligi yanu ikhalenso ndi chimphona chotere. Mphamvu ikhale ku Netherlands ndi ku Italy (Bologna, Parma, ndi Nettuno komwe masewerowa anabwera ndi asilikali a ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse). Musaiwale anyamata a ku Curaçao ndi Aruba, omwe amalimbitsa Netherlands. Mu 2011 dzikoli linagonjetsa Cuba 2-1 ku Panama n'kutenga chikho cha dziko lonse.

Osewera anu akhale anthu ndithu. Mu 2023 ku Tokyo, Ondřej Satoria wa ku Czech Republic, woponya mpira yemwe ntchito yake ndi ya zamagetsi, anamuchotsa Shohei Ohtani, katswiri wotchuka wa ku Japan, ndi strikeout (kulephera kumenya mpira katatu). Nkhani ngati imeneyo owerenga saiiwala.

Koma ngati mukufuna kugulitsa zolembazo muli mayina ndi zizindikiro za matimu enieni, kaonaneni kaye ndi loya wodziwa malamulo a umwini.