Yankho kwa achemwali amene afunsa za osindikiza mabuku ang'onoang'ono

Achemwali, mwafunsa kuti pamene mayiko akukokanakokana pa nkhani ya misonkho ya katundu, munthu wamba angathandize bwanji makampani ang'onoang'ono osindikiza mabuku a m'dera lawo, ndiponso ngati kugula buku limodzi kumasinthadi kanthu. Ine ndinagwirapo ntchito zaka zingapo pa kampani yosindikiza mabuku ya anthu anayi okha. Ndinkalemba maakaunti m'mawa, madzulo n'kumalongedza mabuku m'makatoni. Mundikhululukire, ndilemba motalikitsa.

Ambiri amaganiza kuti vuto ndi msonkho umene buku limalipira likamalowa m'dziko lina. Nthawi zambiri si pamenepo. Kuyambira mu 1950 pali pangano la UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, lotchedwa Florence Agreement, ndipo mayiko ambiri amene analisayina analonjeza kuti sadzaika msonkho wa pachipata pa mabuku. Ngakhale pamene America inalengeza misonkho yake ikuluikulu mu April 2025, mabuku sanakhudzidwe ndi misonkho imeneyo, chifukwa lamulo la 1977 limene anagwiritsa ntchito linasinthidwa mu 1988 kuti lisamakhudze mabuku ndi zinthu zina zofalitsa nkhani. Ndiye wina anganene kuti, nanga akulira chiyani osindikizawa?

Akulira chifukwa buku lisanakhale buku limakhala pepala, inki, guluu, makina opulintira, kontena, malo m'sitima yapamadzi ndi positi. Zonsezi zilibe pangano lozitchinjiriza. Mu 2022 ogwira ntchito pa kampani ya mapepala ya UPM ku Finland ananyanyala ntchito kuyambira January mpaka April, ndipo opulinta ambiri ku Ulaya anasowa pepala. Kumapeto kwa 2023 sitima zinayamba kupewa nyanja ya Red Sea chifukwa cha kuwomberedwa, n'kumazungulira kumunsi kwa Africa, ulendo n'kutalika ndi sabata yoposa imodzi. Pa 29 August 2025 America inathetsa lamulo loti katundu wosaposa madola 800 azilowa osalipira msonkho, ndipo mapositi a mayiko ambiri anayamba ayimitsa kaye kutumiza mapaselo kumeneko podikira kuti amvetse malamulo atsopanowo. Kampani yaikulu imatumiza mabuku pa makontena ndipo ili ndi maloya owerenga malamulo. Yaing'ono imatumiza buku limodzilimodzi pa positi, ndipo amene amawerenga malamulowo ndi yemweyo amene amakonza zilembo zolakwika m'buku.

Koma chimene chimapweteka kwambiri n'kusadziwa za mawa. Buku limatenga chaka, nthawi zina ziwiri, kuchokera pamene wolemba wapereka zolemba zake kufika pamene lili pa shelefu. Mtengo wake umalengezedwa miyezi ingapo lisanatuluke, ndipo m'mayiko ena amaudinda pachikuto penipeni. Simungaukweze mawa ngati mtengo wa mafuta a galimoto. Taonani zimene zinachitika ku Canada mu March 2025: boma linaika mabuku pa mndandanda wa katundu wochokera ku America amene linkaganiza zomuikira msonkho wa 25 peresenti pobwezera. Chodabwitsa n'chakuti mabuku ambiri a alembi a ku Canada komweko amapulintidwa kapena kusungidwa ku America, ndiye msonkhowo ukanaluma eni ake. Ogulitsa mabuku ndi osindikiza anadandaula kwambiri, ndipo pamapeto pake sunagwe pa mabuku. Komabe kwa masabata angapo palibe amene ankadziwa kuti aode mabuku angati, pa mtengo wanji. Masabata otere amakwana kugwetsa kampani imene mpamba wake ndi wa mabuku awiri.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna muchigwire, chifukwa yankho la funso lanu lagona pomwepa. Kampani yaing'ono imafa ndi kuchedwa kwa ndalama. Wopulinta amafuna zake msanga, nthawi zina asanayambe n'komwe kupulinta. Sitolo ya mabuku imatenga gawo lake, limene kawirikawiri limayandikira theka la mtengo wa pachikuto, ndipo kampani yogawa mabuku m'masitolo imadulaponso lake. Zotsalazo zimafika patatha miyezi itatu kapena kuposerapo. Pamwamba pa izo, m'malonda a mabuku muli mwambo wakuti sitolo ikalephera kugulitsa imabweza mabuku n'kubwezeredwa ndalama. Ndimakumbukira chaka china tinasangalala kuti buku lathu latha m'nkhokwe, tinapulintanso ena, kenako patatha miyezi isanu ndi umodzi makatoni anayamba kubwerera, mabuku ena atapindika m'makona moti sitikanawagulitsanso. Tinali titalipira kale wopulinta kawiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Buku limene lili m'sitolo ndi fodya wa pachala ameneyo.

N'chifukwa chake ndikuti kugula buku limodzi kumasintha kanthu, koma zimadalira kuti mwagula liti ndiponso kuti. Mukalipiriratu buku lisanatuluke, mwachindunji kwa osindikizawo, ndalama yanu imafika nthawi imene wopulinta akudikira zake, imafika yonse, ndipo sidzabwezedwa. Komanso imawauza kuti apulinte angati. Musapeputse zimenezi. Kupulinta ochepa kumakweza mtengo wa buku lililonse, kupulinta ochuluka kumamanga mpamba m'makatoni. Makampani ena anafika popanga zoti owerenga azilipiriratu mabuku a chaka chonse. Kampani ya And Other Stories ya ku Sheffield, ku England, imachita zimenezi, ndipo imalemba mayina a olipiriratuwo m'kati mwa mabuku. Ngati amene mukufuna kuwathandizawo ali ndi dongosolo lotere, lowani. Ngati alibe, auzeni kuti mungalowe atayamba.

Sindikunena kuti muthawe masitolo a mabuku, ayi. Sitolo yoima payokha ndi bwenzi la wosindikiza wamng'ono, chifukwa ndi kumene munthu amakumana ndi buku limene sankalifuna. Mukalowamo n'kupeza kuti buku mulibe, musangotuluka. Apempheni akuodereni. Buku loodedwa ndi kasitomala silibwezedwa, ndipo anthu atatu akafunsa buku lomwelo mwini sitolo amayamba kulisunga.

Chachiwiri chimene anthu amachiiwala ndi laibulale ndi sukulu. Sizifuna ndalama yanu n'komwe. Lembani pempho loti agule buku lakutilakuti, mutchule osindikiza ake. Malaibulale amagula osabweza. Ku Norway anazindikira zimenezi kalekale: kuyambira mu 1965 boma limagula makope a mabuku atsopano olembedwa m'chinenero chawo n'kuwagawa m'malaibulale, ndipo dziko la anthu ochepa chotero likadali ndi mabuku akeake. France inatenga njira ina mu 1981, inaika lamulo loti buku latsopano ligulitsidwe pa mtengo umene wosindikiza waika, kuchotsera kusapose 5 peresenti, kuti masitolo akuluakulu asaphe ang'onoang'ono potsitsa mitengo. Ndatchula izi kuti mudziwe zoti mungapemphe mukapeza mpata wolankhula ndi opanga malamulo. Kungonena kuti boma lithandize alembi kumapita ndi mphepo, koma kunena kuti malaibulale azigula makope akutiakuti a buku lililonse lotuluka m'deralo ndi chinthu choti munthu angachilembe mu bajeti.

Pali chinanso chimene ndimakwiya nacho, ndinene ndithu. Munthu amati amakonda wolemba wakutiwakuti, koma buku lake analilandira ngati PDF pa WhatsApp ndipo walitumiza kale m'magulu asanu. Ndikudziwa kuti mabuku ndi okwera mtengo ndipo si onse angakwanitse. Ngati simungathe kugula, bwerekani, sonkheranani anthu angapo mugule limodzi, kapena pemphani laibulale. Koma kufalitsa buku lakuba la kampani imene inapulinta makope 500 okha kuli ngati kuwauza kuti buku lachiwiri la wolemba ameneyo lisadzatuluke.

Kwa osindikiza amene mukuwerenga izi, nanunso muli ndi mbali yanu. Musaike mabuku anu onse m'manja mwa wogawa mmodzi. Mu March 2024 kampani ya Small Press Distribution ku California, imene inagwira ntchito kuyambira mu 1969, inatseka mwadzidzidzi, ndipo osindikiza mazana angapo anatsala akufunafuna mabuku awo m'nkhokwe ndi ndalama zimene anali asanalandire. Ganiziraninso zopulinta buku pokhapokha munthu akaoda, m'dziko limene wogulayo ali. African Books Collective, imene osindikiza a mu Africa anaiyambitsa okha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo ili ku Oxford, ku England, imagulitsa mabuku kunja mwa njira imeneyi, ndipo katoni sichita kuwoloka nyanja. Phindu pa buku limodzi limachepa, inde, koma simudzagona mukuganiza za kontena imene yaima padoko.

Achemwali, ngati pali kampani imene munali nayo m'maganizo polemba funso lanu, alembereni lero muwafunse kuti buku lawo lotsatira lituluka liti ndipo angakonde mulipire kudzera njira iti. Ife tinkati tikalandira uthenga wotere tinkauwerenga mokweza muofesi, ndipo mnzathu wosunga ndalama ankatenga pensulo n'kuwonjezera kope limodzi pa chiwerengero chopita kwa wopulinta.