Mpango wa silika umangotsetsereka: upindeni chonchi, umangeni chonchi

Mayi wina wa ku Zomba watilembera pa imelo. Akuti mchemwali wawo wa ku Johannesburg anawatumizira mpango wa silika wa makona anayi, mbali iliyonse masentimita 90. Akaumanga ngati duku, ola silitha usanatsetsereke. Akauvala m'khosi, mfundo imakhala chopendekera kenako n'kumasuka. Funso lawo ndi lakuti: kodi mpango wotere umavalidwa bwanji, kapena ndi wongosunga m'sutikesi?

Mayi, musausunge ayi, ndipo manja anu alibe mlandu. Manjawo anazolowera chitenje. Chitenje cha thonje chili ndi ulusi wokhakhala, nsalu imagwirana yokha, mukangopisa nsonga m'kati imakhala pomwepo mpaka madzulo. Silika ndi wina. Ulusi wake umachokera ku chikwa cha mbozi yodya masamba a mabulosi, ndipo wa chikwa chimodzi umatalika mamita mazanamazana osaduka. N'chifukwa chake nsaluyi imawala komanso kusalala, n'chifukwa chakenso ilibe pogwirira. Kupisa nsonga kokha sikuthandiza. Chimene chimaugwira mpango wa silika ndi kapindidwe, mtundu wa mfundo, ndi chimene mwaika pansi pake.

Tiyambe ndi muyeso, poti ambiri amayesa mbali yolakwika. Pomanga, utali wofunika si wa m'mbali, koma wochokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya ya kutsidya, kudutsa pakati. Mpango wa masentimita 90 umakupatsani pafupifupi 127. Wa 70 umapereka 99, wa 45 umangopereka 64. Mutu wa munthu wamkulu umazungulira masentimita 55 mpaka 58, tsitsi loluka kapena wigi zisanawonjezere. Ndiye kampango ka 45 musavutike nako kumutu, sikasiya nsonga zomangira. Malo ake ndi m'khosi, padzanja kapena pachikwama. Wa 70 umakwana m'khosi ndiponso ngati lamba wa kumutu. Wanuwo wa 90 ndi umene umatha zonse. Ndi muyeso umene unatchuka ndi kampani ya ku Paris ya Hermès, yomwe inatulutsa mpango wake woyamba wa makona anayi mu 1937, ndipo mipango yambiri ya mtunduwu imajambulidwa ndi chithunzi pakati komanso mzere wa mtundu wina m'mphepete. Izi zikutanthauza kuti kapindidwe ndi kamene kamasankha mtundu wooneka: mukaupinda ngati lamba, pamaoneka kwambiri mitundu ya pakati ndi ya kunsonga, mukaupinda makona atatu, pamaoneka mzere wa m'mphepete.

Tsono kapindidwe koyamba, komwe kali maziko a kamangidwe kambiri. Yalani mpango pabedi kapena patebulo loyera, mbali yowala kwambiri iyang'ane pansi, ngodya imodzi iloze kwa inu. Tengani ngodya ya kufupi nanu muifikitse pakati. Ya kutsidya nayo ibwere pakati, nsonga ziwirizo zipyolane pang'ono, masentimita 2 kapena 3. Pindaninso mbali ya kwa inu kufika pa mzere wa pakati, ya kutsidya chimodzimodzi, kenako mubwerezenso zomwezo kamodzi. Pomaliza pindani pakatipo kuti mbali ziwiri zigonerane. Mutsala ndi lamba wa masentimita 6 mpaka 8 m'lifupi, wonenepa pakati, wosongoka kunsonga. Nthawi iliyonse mukapinda, sisitani ndi chikhatho, osathamanga.

Pali zifukwa ziwiri zopindira chopingasa chonchi. Nsalu yolukidwa sitamuka mukaikoka motsata ulusi, koma mukaikoka chopingasa imatamuka pang'ono, motero lambayo amakumbatira khosi kapena mutu m'malo moima njo. Chachiwiri, nsonga zimakhala zopyapyala, ndiye mfundo imatuluka yaing'ono ndi yolimba. Amene amapinda motsata m'mbali amapeza lamba wamfupi wa masentimita 90 okha, wokhuthala mpaka kumapeto, ndipo mfundo yake imakhala chibuluma chomasuka msanga. Amene amangoupota ngati chingwe amaudzaza makwinya, ngodya n'kumasuzumira pakati.

Za mfundo yopendekera ija, tikuidziwa bwino, ndipo gwero lake ndi limodzi. Pomanga kawiri, anthu ambiri amabwereza dzanja lomwelo: ya kumanja pamwamba, kenako ya kumanjanso pamwamba. Mfundo yotero imapotoka, nsonga ina kuloza kuchibwano ina kumimba, ndipo pa silika imasololoka yokha. Yoyenera imamangidwa motere: nsonga ya kumanja idutse pamwamba pa ya kumanzere, ilowe pansi, mukoke. Tsopano nsonga yomweyo ili kumanzere. Idutsenso pamwamba pa inzake, ilowe m'bowo, mukoke. Kumbukirani chinthu chimodzi chokha: nsonga imene inayamba pamwamba ndi yomweyonso ikhale pamwamba kachiwiri. Pokoka, kokerani chammbali, kumanja ndi kumanzere, osati m'mwamba ndi pansi. Mfundo ikakhala bwino imagona fulati, kutsogolo kwake kuli kansalu kosalala, nsonga zili mbali ndi mbali. Yeserani kaye pa ntchafu kapena pa mwendo wa mpando, pomwe mukuona bwino, musanapite pagalasi, chifukwa galasi limasokoneza kumanja ndi kumanzere.

M'khosi, njira imene timailimbikitsa pa mpango wa 90 ndi yozunguliza kawiri. Ikani pakati pa lamba uja kutsogolo kwa khosi, nsonga zipite kumbuyo, zipingasane, zibwerere kutsogolo, mumange mfundo ija pambali pang'ono, osati pakati penipeni. Siyani mpata wolowa zala ziwiri. Kuzunguliza kawiri kumachititsa kuti nsalu igwire nsalu inzake, ndipo kumafupikitsa nsonga kuti zisamalowe m'mbale pakudya. Imakhala bwino ndi bulauzi ya kolala yotsegula kapena jekete ya ku ofesi. M'mwezi wa Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, mudzadabwa mmene kansalu kopepuka chonchi kamatenthetsera khosi. Mu Okutobala isiyeni; thukuta limathimbiriritsa silika.

Ngati diresi ili ndi khosi lotseguka, pindani mpango makona atatu, nsonga yaikulu igwere pachifuwa, nsonga ziwiri zipingasane kumbuyo kwa khosi n'kubwera kudzamangidwa kutsogolo, pansi pa nsalu yolendewerayo kuti mfundo ibisike. Mukhozanso kuutembenuza: makona atatu agwere kumsana, mpango uphimbe mapewa, mfundo ikhale pachifuwa. Iyi ndi yabwino kutchalitchi pa diresi lopanda manja. Osafuna mfundo angalowetse nsonga ziwiri m'mphete n'kuikankhira m'mwamba, koma ikhale mphete yosalala. Ya mwala wogwiridwa ndi timano imakoka ulusi, ndipo ulusi wa silika ukakokeka umasiya mzere woonekera.

Tibwere kumutu, komwe kuli dandaulo lanu lalikulu. Silika pa tsitsi lopaka mafuta, lowongola, kapena pa wigi, ndiye kuterera pa kuterera. Pafunika chokhakhala pakati. Chabwino koposa ndi lamba wa veleveti amene amavalidwa pansi pa wigi. Amapezeka m'mashopu a tsitsi. Akasowa, kachipewa kopyapyala ka thonje kapena kansalu ka chitenje kopindidwa masentimita 5 m'lifupi n'kumangidwa mozungulira mutu kamagwira ntchito yomweyo. Pa tsitsi lachilengedwe losapaka mafuta ambiri, kapena loluka mizere, nthawi zina simufunikanso china.

Kenako pindani makona atatu, ndipo mbali yaitaliyo muipindenso kamodzi masentimita 3 kapena 4 kuti ikhale ndi mkombero wolimba. Mkomberowo ukhale pamene tsitsi layambira, kapena utsikire pachipumi sentimita imodzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: amauyambira m'mwamba kuti tsitsi la kutsogolo lioneke, pomwe mutu wayamba kale kupendekera kumbuyo, ndiye mpango umangotsata chitsetsocho. Nsonga ziwiri zidutse pamwamba pa makutu kapena kuwaphimba theka, zikakumane kumbuyo. Gwirani kunkhongo kwanu, mumva kafupa kotukuka. Mfundo imangidwe pansi pa kafupako. Ikakhala pamwamba pake palibe choitchinga, imakwera, mpango n'kuvuka. Mangani pamwamba pa nsonga yachitatu yolendewerayo kuti ipanikizike, osati pansi pake. Pomaliza ikani timapini ta tsitsi tiwiri kuseri kwa khutu lililonse, topingasana, mbali ya mafundemafunde iyang'ane kumutu. Onani kuti timapinito tili ndi timitu take ta pulasitiki. Totha timitu timabaya nsalu. Pini wa sefiti musamuyandikize n'komwe, bowo lake silitsekeka.

Duku la mfundo kutsogolo limatheka, koma mutembenuze zonse. Weramani, mbali yaitali ikhale kunkhongo pansi pa kafupa kaja, nsonga yachitatu igwere pachipumi. Bweretsani nsonga ziwiri kutsogolo, mumange kamodzi pamwamba pa yachitatuyo, muibweze m'mwamba kuti iphimbe mfundo yoyamba, mumange kachiwiri, zotsala muzipise m'mbali. Mukazunguliza mutu mumatsala ndi masentimita pafupifupi 35 mbali iliyonse, okwana mfundo ndi kauta kakang'ono basi. Tinene mosabisa: duku lalitali, loima, la pa ukwati kapena pa chinkhoswe, silika wa 90 sangalikwanitse. Ndi wofewa ndiponso wochepa. Imeneyo ndi ntchito ya chitenje, ndipo palibe chifukwa chouumiriza mpangowu kuchita zimene sunapangidwire. Wa tsitsi loluka lalitali kapena lambiri afune wa masentimita 110 kapena 140.

Palinso kamangidwe ka pansi pa chibwano, kamene Mfumukazi Elizabeth II inkakonda: makona atatu pamutu, mfundo pachibwano. Kolimbirapo ndi kopingasa nsonga pansi pa chibwano n'kukazimanga kumbuyo kwa khosi. Pa mphepo, kapena pa kabaza wa njinga yakapalasa, aka ndi kamene sikauluka.

Zina ndi zachidule. Lamba uja amalowa m'timalupu ta thalauza kapena siketi, ndipo amakwana chiuno chosapitirira masentimita 90 ngati mukufuna kuti patsale pomangira. Pa chogwirira cha chikwama, timipango ting'onoting'ono ndi tomwe timayenera. Wanuwo ndi wamkulu, komanso manja angaudetse msanga. Pogona, n'zoona kuti nsalu yosalala imateteza tsitsi kuti lisamathothoke ndi kukhuzika pa pilo, koma gulani wa satini wotsika mtengo wa ntchito imeneyo. Mafuta a tsitsi a usiku uliwonse angauphe mpango wa mphatsowu.

Amene amasankha mipango pa kaunjika ayang'ane kachikwangwani: silk, soie, seta kapena Seide, onsewo ndi silika m'Chingerezi, Chifalansa, Chitaliyana ndi Chijeremani. Mpendero wopindidwa mozungulira n'kusokedwa pamanja, wokhala ndi misoko yosafanana ndendende, nthawi zambiri umasonyeza mpango wabwino. Mukafika nawo kunyumba, sololani kaulusi kamodzi kobisika muotche pa mbale. Silika amanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo amasiya phulusa lofumbutuka ndi zala. Poliyesitala imasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Kamangidwe konse tafotokozaka kamagwiranso pa poliyesitala, kungoti iyo imaterera kwambiri ndipo imatenthetsa mutu.

Pochapa, yambani mwayesa: donthezani madzi pa ngodya imodzi, mupsinje ndi kansalu koyera. Kakatenga mtundu, mpangowo ndi wa ku dirayi kilini. Kakapanda kutenga, thirani madzi ozizira malita 3 m'beseni, shampu wofatsa theka la supuni ya tiyi, muviike mpango n'kumaugwedeza mphindi ziwiri kapena zitatu. Osaunyika kwa nthawi yaitali, osaufikisa, osaufinya. Sopo wa ufa ndi mankhwala oyeretsera zovala zoyera amadya silika, poti ulusi wake ndi wa mtundu umodzi ndi tsitsi. Tsukuluzani kawiri, madzi omaliza muthiremo viniga woyera supuni imodzi kuti sopo achoke yense. Uyaleni pa thaulo, kulungani, psinjani, kenako uyanikeni pamthunzi chogoneka. Dzuwa limasulutsa mitundu ndi kufooketsa ulusi. Sitani ukadali wa chinyontho pang'ono, kumbuyo kwake, simbi ili pa moto wochepa, mutayala nsalu yoyera ya thonje pamwamba. Ngati simbi ndi ya makala, idikireni izizireko ndipo muyese kaye pa nsalu ina, chifukwa kakhala kamodzi kothetheka kamaboola pomwepo. Mpendero musaupondereze ndi simbi, uyenera kukhala wozungulira. Pefyumu ndi mafuta odzola ziyambe zauma pathupi musanavale mpango. Mukavula, masulani mfundo tsiku lomwelo, muuyale usiku wonse pa msana wa mpando kuti makwinya atsike, m'mawa muupinde mosapanikiza n'kuuika m'dirowa youma, pamwamba pa zovala zina osati pansi pake.