Mitengo Yathu ndi Lonjezo la 51 Peresenti

Achimwene, mwafunsa ngati mitengo imene magulu athu akubzala m'mbali mwa Shire ikuwerengedwa pa lonjezo la Malawi lochepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi 51 peresenti. Ikuwerengedwa ndithu, koma m'kaundula wina, osati pa 51 peresentiyo.

Boma linapereka lonjezolo mu 2021 potsatira Pangano la ku Paris la 2015, ndipo chaka chimene likulozera ndi 2040. Muyeso wake si mpweya umene tikutulutsa lero ayi, koma umene tikanatulutsa m'chakacho tikanangopitiriza monga mwa nthawi zonse. Pa 51 peresentiyo, 6 yokha ndiyo tinati tidzakwanitsa patokha, pamene 45 ikudikira thandizo lakunja. Zowerengedwa mmenemo ndi magetsi ndi mafuta, mafakitale, zinyalala ndi ulimi, kotero ng'ombe za ku Ngabu zimene zimatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wa methane pobzikula, komanso minda ya mpunga ya ku Muona, zili momwemo. Nkhalango ndi kagwiritsidwe ntchito ka malo anaziika padera.

Ine ndikuona kuti anachita bwino kuzisiyanitsa. Dizilo amayezedwa m'malita, ndipo akapsa wapsa. Kaboni amene mtengo wa tsanya umayamwa mu mpweya wotenthetsa dziko n'kumusunga ndi wongosungitsa: mtengo umene wakula kwa zaka makumi atatu ungathe kusanduka thumba la makala lokwera mapiri a Thabwa m'sabata imodzi, zimene zinalembedwa ngati phindu n'kubwerera m'mlengalenga. Nawo madzi osefukira, monga tinaonera ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, amakokolola mbande pamodzi ndi dothi lake. Kuyezako nakonso n'kovuta, chifukwa zithunzi za setilaiti zimaonetsa bwino pamene nkhalango yagwetsedwa yonse, koma sizionetsa msanga pamene anthu akudula mtengo umodziumodzi, amene ndiwo madulidwe athu kuno kuchigwa. Akanaziphatikiza, dziko likanatha kubisa utsi wochuluka kumbuyo kwa mbande zimene zinauma kalekale.

Malawi analonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, ndipo ntchito yanu ikugwera m'mbali imeneyo. Choncho lembani malo amene mwabzala, kukula kwake ndi mtundu wa mitengo, kenaka muwerengenso imene yapulumuka ku mbuzi, chiswe ndi dzuwa la Okutobala pakapita zaka zitatu. Chiwerengero chachiwiricho ndicho mukachipereke kwa alangizi a zankhalango a ku Chikwawa kapena ku Nsanje.