Funsani za Kompyuta: Laputopu ya Windows 10 musaitaye msanga

Makalata ambiri amene mwanditumizira ulendo uno akufunsa za Windows 10. Ndayamba ndi kalata ya mayi awa chifukwa funso lawo likukhudza ena onse.

Funso: Achimwene, laputopu yanga ndinaigula mu 2016 ndipo sinandivutepo. Ndimalemberapo mayeso a ana asukulu ndi kusungirapo malikisi awo. Masiku ano ikumatulutsa uthenga wakuti Windows 10 inasiya kuthandizidwa, ndipo ndikafuna kuikamo Windows 11 ikukana. Kodi tsiku lina idzangozima? Ndiitaye?
*Mayi mphunzitsi*

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Laputopu yanuyo siizima, ndipo mafayilo anu sapita kulikonse. Chimene chinatha pa 14 Okutobala 2025 ndi ntchito imene kampani ya Microsoft inkagwira mwezi ndi mwezi kuyambira pamene inatulutsa Windows 10 mu Julayi 2015: kutumiza ma update otseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera.

Koma vuto lilipo, ndipo sindikubisirani. Windows 10 ndi Windows 11 n'zapachibale, mbali zambiri za m'kati mwake n'zofanana. Microsoft ikatulutsa update yotseka mpata mu Windows 11, akuba amaisanthula update ija kuti aone chimene chakonzedwa, kenako amakayesa ngati mpata womwewo ulinso mu Windows 10. Akaupeza, kumeneko kulibenso woutseka. Zili ngati mpanda umene mwini wake anasiya kuukonza: lero pathothoka pamodzi, mwezi wamawa pena, ndipo odutsa akuona.

Zoterezi zinachitikapo. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150. Inkatseka mafayilo a anthu n'kumawauza kuti alipire ndalama kuti atsegulidwe. Ku Britain zipatala zina za boma zinabweza odwala chifukwa makompyuta anaima. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft inali itatseka kale mpata umenewo mu Malichi chaka chomwecho. Amene anavulala ndi amene anali asanaike update ija. Inu mukusunga maina ndi malikisi a ana a eni, choncho nkhaniyi si ya inu nokha.

Nanga n'chifukwa chiyani Windows 11 ikukana? Imafuna RAM (memory imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka) yosachepera 4GB, malo osungira zinthu osachepera 64GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo kapena yofanana nayo mwa za AMD. Pa makina ena TPM imakhalamo koma yozimitsidwa, ndipo katswiri angathe kuiyatsa mu BIOS, malo osinthira zinthu amene amatsegulidwa Windows isanayambe, komwe imalembedwa kuti PTT kapena fTPM. Pulogalamu yaulere ya PC Health Check imakuuzani chenicheni chimene chikuperewera. Komabe laputopu ya 2016 ikanidwa chifukwa cha purosesa, poti m'badwo umene akufunawo unayamba kutuluka mu 2017. Ine zimenezi zimandipweteka. Makina ambirimbiri amene akugwira ntchito bwinobwino akutchedwa otha ntchito chifukwa cha mndandanda wa mapurosesa, ndipo amene akuvutika kwambiri ndi anthu onga inu, amene munasamala chinthu chanu kwa zaka zonsezi.

Chinthu choyamba kuchita n'kulembetsa ku ESU, dongosolo limene Microsoft inakonza loti makompyuta a Windows 10 apitirize kulandira ma update achitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026. Windows 10 yanu iyenera kukhala ya mtundu wotchedwa 22H2. Pitani ku Settings, kenako Update & Security, kenako Windows Update, muonapo malo olembetsera. Mukhoza kulipira madola 30 a ku America, koma simukakamizidwa: mukalola kuti zimene munasankha mu Settings zizisungidwa pa akaunti yanu ya Microsoft, mulembetsa kwaulere. Dziwaninso kuti Office 2016 ndi Office 2019 nazo zinasiya kuthandizidwa tsiku lomwe lija la 14 Okutobala 2025.

Ena akuuzani kuti pali njira zozembera malamulo a Windows 11 n'kuiika mokakamiza. N'zoona, zimatheka. Koma Microsoft inaneneratu kuti siikulonjeza kuti makina otere azilandira ma update. Pa kompyuta imene mumadalira pantchito, ine sindingakulangizeni zimenezo.

Njira imene ndimaikonda ndi Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene mungaike m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, ndipo Linux Mint 22 izilandira ma update mpaka 2029. Maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi Windows: batani lotsegulira mapulogalamu lili pansi kumanzere komwe munazolowera. Imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, komanso Firefox yolowera pa intaneti. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mukhoza kuiika pa fulashi n'kuiyesa osafufuta chilichonse pa laputopu. Poyesapo onani zinthu izi: Wi-Fi ikulumikiza? Printa yanu ikuonedwa? Pepala la mayeso lokhala ndi matebulo ndi zithunzi likutseguka osasokonekera? Nthawi zina mizere imasuntha pang'ono, ndi bwino muzione nokha musanasamuke. Ngati pali pulogalamu ina yakuntchito imene imayenda pa Windows pokha, pamenepo mpofunika kuganiza kaye.

Musanachite chilichonse mwa izi, koperani mafayilo anu onse pa fulashi kapena hard disk yapadera.

Funso: Bambo, inu mumangoti tiziika ma update. Koma ndinamva kuti update ina inagwetsa makompyuta dziko lonse mpaka ndege zinalephera kunyamuka. Ine ndinazimitsa ma update onse pa kompyuta yanga. Kodi ndinalakwa?
*Mnyamata wophunzira zowerengera ndalama*

Yankho: Mng'ono wanga, zimene unamvazo zinachitikadi, ndipo mantha ako ndikuwamvetsa. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika ku pulogalamu yake yachitetezo ya Falcon. Pulogalamu imeneyi imagwira ntchito m'kati mwenimweni mwa Windows, pamalo pamene cholakwika chaching'ono chimagwetsa kompyuta yonse. Makina ankangoonetsa sikirini yabuluu, akayatsidwanso n'kugwanso. Microsoft inanena kuti makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa. Mabanki, zipatala ndi mabwalo a ndege zinasokonekera, ndipo kampani ya Delta Air Lines inalepheretsa maulendo masauzande. CrowdStrike inachotsa fayiloyo pasanathe maola awiri, koma makina amene anali atagwa kale ankafunika munthu wokhala patsogolo pake kuti afufute fayilo ija pamanja, imodziimodzi. N'chifukwa chake kwina vutoli linatenga masiku.

Tsono taona apa. Imeneyo sinali update ya Windows, ndipo Falcon ndi pulogalamu imene amagula ndi makampani ndi mabungwe, osati imene ili pa kompyuta yako yophunzirira. Cholakwa chachikulu chinali kutumiza fayilo kwa makasitomala onse nthawi imodzi m'malo moyamba ndi ochepa n'kuona zotsatira. Phunziro limenelo ndi la opanga mapulogalamu.

Update yoipa imaoneka, imadziwika tsiku lomwelo, ndipo imakonzedwa. Wakuba amene walowera pampata wosatsekedwa sachita phokoso. Amatenga mapasiwedi ako, iwe osadziwa kanthu mpaka tsiku limene akaunti yako ya imelo ikukana kutseguka. Choncho yatsanso ma update lero. Ngati uli m'kati mwa mayeso ndipo ukuopa kuti kompyuta ingakusokoneze, Windows imalola kuwaimitsa kwa masabata angapo, mpaka asanu. Aimitse kwa sabata imodzi, ukamaliza uwalole alowe. Kuchedwetsa pang'ono ndi nzeru, koma kuzimitsiratu kunali kulakwa.

Funso: Ndimafuna kuwonjezera RAM mu kompyuta yanga, koma ndapeza kuti yakwera mtengo kwambiri. Kodi ogulitsa akungotidyera masuku pamutu?
*Bambo wojambula zithunzi*

Yankho: Bambo, ulendo uno ogulitsa alibe mlandu waukulu. Pafupifupi RAM yonse padziko lapansi imapangidwa ndi makampani atatu: Samsung ndi SK Hynix a ku South Korea, ndi Micron ya ku America. Makampani a AI, luso lopangitsa makompyuta kuchita zinthu ngati akuganiza, akumanga nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, ndipo akugula memory yambiri zedi, makamaka ya mtundu wa HBM imene imaikidwa limodzi ndi machipu onga a Nvidia. Phindu la kumeneko n'lalikulu, ndiye mafakitale atembenukira komweko, ndipo RAM ya makompyuta wamba yachepa pamsika. Kumapeto kwa 2025 mitengo inakwera kwambiri, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Micron inalengeza kuti ikusiya kugulitsa katundu wake wa Crucial kwa anthu wamba. Kumanga fakitale yatsopano ya machipu kumatenga zaka, choncho musayembekezere kuti mitengo itsika msanga.

Musanagule, tsegulani Task Manager, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, pamene mukukonza zithunzi, muone mbali ya Performance. Ngati Memory ikufika pafupi ndi kudzaza, RAM ikufunikadi. Koma ngati chimene chikukhala pa 100% ndi Disk, ndipo mukadagwiritsabe ntchito hard disk yakale yozungulira ija, ndalama zanu zigwira ntchito yabwino mukagula SSD, chosungira mafayilo chamakono chothamanga kuposa hard disk. RAM yogwiritsidwapo kale ntchito nayonso siivuta kawirikawiri, bola muonetsetse kuti ndi ya mtundu umene kompyuta yanu imalandira. DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowana malo, ndipo ya laputopu ndi yaifupi kuposa ya kompyuta yapatebulo.