Tsitsani sensitivity kaye, achimwene

Achimwene, mwati Equinox 800 yanu, makina osakira zitsulo pansi aja, ikangofika pa katondo imangolira osapuma, moti mwayamba kuganiza kuti anakugulitsani yakufa. Si yakufa ayi. Ndikuona ngati sensitivity, mphamvu yomvera ya makinawo, mwaiika pa 25, kumapeto kwenikweni, pofuna kuti izimva zakuya. Nane ndinkatero, ndipo ndinakumba maenje opanda kanthu mpaka matuza m'manja.

Katondo ndi wofiira chifukwa cha chitsulo chomwe chili m'dothimo, ndiye makinawo akulirira dothi lenilenilo. Yambani ndi noise cancel, yochotsa phokoso lochokera ku zamagetsi, koyilo (chimbale chosakira chija) ili m'mwamba, foni mutazimitsa, muli kutali ndi mawaya a magetsi. Kenako ground balance, yozoloweretsa makina dothi la pamalopo. Pezani malo opanda chitsulo chokwiririka, dinikizani batani osalisiya, muzikweza ndi kutsitsa koyilo kuchokera pa masentimita 15 mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi, kufikira nambala itakhazikika. Mukatero muzitsitsa sensitivity pang'onopang'ono mpaka phokoso lithe. Ine pa katondo ndimathera pa 16 kapena 18. Mukatsikira ku dambo kwa makande, bwerezani, dothi lasintha.

Poti mwati mukufuna golide, nkhani ya discrimination, youza makina zitsulo zoti azikana, ndiyo ingakupwetekeni. Kagolide konga njere ya mpunga kamaonetsa nambala zotsika kwambiri, zofanana ndi za kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, ndipo m'dothi lovuta kamatha kuoneka ngati msomali. Mukauza makina kuti azikana zinyalala, akana ndi golide yemwe. Ikani pa mode ya Gold, pa frequency yesani Multi (angapo nthawi imodzi) ndi 40 kHz muone yomwe ili phee pamalopo, ndipo kumbani chilichonse cholira mobwereza. N'zotopetsa, inde. Discrimination isungireni tsiku losaka ndalama zakale pa bwinja, muli pa mode ya Park kapena Field.

Musanapite kutali, dulani kamtovu ka pa ukonde, kang'onong'ono, mukakwirire masentimita 5 m'dothi lomwelo. Ngati makina sakukamva, golide wa msinkhu umenewo mukumudutsanso.

Mode ya Beach musavutike nayo, anaipangira mchenga wonyowa ndi madzi amchere ngati ku Durban. Kwathu kunyanja chovuta ndi mchenga wakuda uja wa ku Makanjira ndi Chipoka. Pamenepo kwezani koyilo pang'ono, tsitsaninso sensitivity. Za chilolezo cha migodi komanso kulankhula ndi amfumu ndi eni munda, konzeranitu khasu lisanalowe pansi.